Chitsime Chimene Gray Anatseka

Gray Msowoya anamupeza Lamulungu m'mawa, pansi pa dzenje la chitsime cha mafuta chimene iye yemwe anathandiza kutseka.

Sabu Insipekita Khumbize Chadza anafika dzuwa litakwera, mtembo atautulutsa kale ndi ndodo zangowe. Mwamuna woyamba amene anayesa kutsikira m'dzenjemo anabwerera pakatikati, ndipo anali atakhala pansi pa mthethe akusanza.

Chitsimecho chinali kumtunda kwa minda ya mpunga ya ku Hara. Kampani ina yakunja inaboola pamenepo kufunafuna mafuta, inangopeza kampweya kosapindulitsa, inathira simenti m'chitsimemo n'kupakira katundu wake. Chotsala chinali dzenje lakonkire lakuya ngati misinkhu iwiri ya munthu, lokhala ndi makwerero achitsulo m'mbali, pakati pake mutu wa paipi wowotcherera. Chivundikiro chake, chichitsulo chachikulu chafulati, anthu anali atachikhwekhwerezera pambali. M'dzenjemo munkachokera fungo ngati la mazira owola.

Khumbize anavundukula chitenje chimene anafunditsa mtembo. Nkhopeyo anaidziwa. Lachisanu munthu yemweyu anabwera kupolisi, chipewa chili m'manja, n'kunena kuti ali ndi nkhani yaitali. Nthawi yomweyo inalira foni ya ngozi ya minibasi pamsewu wa M1. Khumbize anamuuza kuti abwerenso Lolemba.

Pachipumi panali bala. Manja onse awiri anali otuwa ndi simenti youma. Pansi pa dzenjelo pankaoneka ndowa yogudubuka, yomangidwa chingwe chachitali.

Mkazi wa malemuyo, Violet, anali atakhala padothi, amayi awiri atamugwira m'mapewa. Ankayankhula Chichewa pang'onopang'ono, ngati akusankha mawu m'lichero.

"Anachoka dzulo masana, Madamu. Anati akupita kukaona ng'ombe. Ife ng'ombe tilibe kumtunda kuno."

"Nanga munadziwa bwanji kuti mudzawafune pano?"

"Mwezi wonse uno bambo a Sheila samagona. Mbuzi ya aneba itafera pafupi ndi dzenjeli, iwo anasiya kudya. Amabwera kuno, amagwada, amaika khutu pachitsulopo. Ndikafunsa amati, 'Chikupuma, Violet.' Basi."

"Pakampani paja ankagwira ntchito yanji?"

"Anali kapitawo wa osakaniza simenti."

Khumbize analoza chivundikiro chija. "Mutafika m'mawa, ichi chinali pomwe chilipa?"

"Yayi. Chinali chotseka bwinobwino. Ndinayesa kukankha ndekha, chinakana. Ndiye ndinathamanga kukaitana anthu."

Khumbize anayang'ana chitsulocho, anayang'ana chingwe cha ndowa. Munthu wotsikira m'dzenje ndi manja awiri pamakwerero safuna chingwe chotalika choncho. Chingwe n'cha amene watsala pamwamba. Ndipo amene anatsala pamwambayo ndi amene anatseka.

*

Mkulu wake wa Gray, Chakufwa Msowoya, anali ndi chigayo chopunthira mpunga m'mphepete mwa msewu wafumbi wopita ku Uliwa. Khumbize anamupeza akukweza matumba a mpunga pangolo, chakudya cha pamaliro. Anali munthu wamkulu thupi, wa imvi m'ndevu. Popereka moni anapinda chikhatho n'kupereka mkono.

"Pepani Madamu, manja ali ndi zilonda. Feteleza."

"Pepani ndinu, bambo. Mng'ono wanu munamuona liti komaliza?"

"Lachinayi. Mwana uja ndinamulera ndine. Bambo athu anamwalira iye akuyamwa." Anakankhira thumba lina pangolo. "Dzulo ine ndinali ku Boma. Lamba wa chigayo anaduka, ndinapita kukagula wina. Ndabwerako kutada."

"Anali ndi mdani?"

Chakufwa anayang'ana ng'ombe zake. "Mufunse Golden Kaonga, dalaivala wa lole. Anakangana pa Uliwa sabata ino, anthu anachita kuwaleretsa."

Ngolo itanyamuka, Khumbize anatsala akuyang'ana bwalo loyanikirapo mpunga, lalikulu ngati bwalo la netibolo. Simenti yake inali yakuda kuposa ya m'nyumba za anthu, ndipo ponseponse panali mapazi a nkhuku, a galu, ngakhale phazi la munthu lomira mpaka m'kakolo.

Mayi wina wantchito, Esnart, anasiya kusesa ataona wapolisiyo akuwerama. Anali woyankhula msanga, wosadikira kufunsidwa.

"Mukuona mapaziwo? Limenelo ndi langa. Bwalo ili linativutitsa, Madamu. Amisiri anathira, tinadikira mawa lake, phala. Mkuja, phala. Sabata inatha nkhuku zikungosainapo. Anthu anayamba kunena kuti a Chakufwa awalodza, mmisiri wina anathawa osatsanzika. Kenako tsiku lina tinangodzuka lauma, ndiye kuuma kwake, khasu limachita kulira."

"Zinali liti zimenezo?"

"Chaka chimene azungu a mafuta amachoka."

Khumbize anasuzumira m'chigayo. Makina anali zii. Lamba wake anali wakale, wothetheka m'mbali, wosokedwa ndi waya polumikizira.

*

Khumbize anamupeza Golden Kaonga pa Uliwa, kuseri kwa malo odyera, akudya mbalagha, nthochi zophika ndi nyama, lole yake ili chiimire pamthunzi. Zaka zambiri zoyenda msewu wa ku Mbeya zinamusiyira Chiswahili pakamwa.

"Pole sana, nkhani ya Gray ndamva. Koma ine dzulo, Madamu, ndinali pamzere wa kumalire ku Songwe kuyambira mbandakucha. Mashini awo a pachipata anafa. Madalaivala onse anandiona, tinkasewera bawo pansi pa lole. Ndadutsa lero."

"Munakangana chiyani?"

"Shida zake zomwe, mavuto ake."

"Zotani?"

Golden anapukuta zala papepala. "Amafuna ndipite naye kwa inu. Akuti tikanene limodzi. Ine ndinati, bwana, ndili ndi ana, zinthu zinatha kalekale, ukufukuliranji? Ndiye anandigwira kolala."

"Mukanene chiyani?"

Golden anayang'ana kumsewu ngati akuyembekezera wina womulanditsa. Sanabwere.

"Simenti ya pachitsime inkabwera pa lole yanga kuchokera ku Dar. Yapadera, matumba ake opanda chithunzi. Ulendo wina Gray anandiimitsa panjira, anati titsitse matumba ena, tikweze ena. Amene tinakwezawo anali simenti wamba yapagolosale, ina yoyamba kale kuundana. Anati pansi pa nthaka palibe amene akaione."

"Yapaderayo inapita kuti?"

"Ine sindinafunse. Inabwera ngolo ya ng'ombe."

"Ya ndani?"

"Ng'ombe zimafanana, Madamu."

Khumbize sanamukakamize. Anaimbira mnzake wa kumalire, amene anatsimikiza kuti lole ya Golden inagonadi pamzere. Madzulo adokotala amene anapima mtembo anatumiza mawu: bala la pachipumi silinali lakupha. Gray anafa chifukwa chosowa mpweya wabwino.

*

Lolemba m'mawa anafika Yvonne Nkhwazi, injiniya amene anayang'anira ntchito yotseka chitsimecho. Anayenda kuchokera ku Lilongwe atangomva, ndipo anabwera ndi amuna atatu ovala zophimba kumaso. Anatsitsira kachipangizo koyezera mpweya m'dzenjemo. Kasanafike n'komwe pakati kanayamba kulira. Yvonne anakakoka, anawerenga, n'kuuza aliyense kuti asunthire kumene mphepo ikuchokera.

"Ndifotokozereni ngati mwana wasukulu," anatero Khumbize. "Chitsime chimatsekedwa bwanji?"

Yvonne anatola kamtengo n'kujambula mizere iwiri yaitali padothi. "Ichi ndi chitsime. N'chakuya kuposa mtunda wochoka pano kukafika kumsewu waukulu. Sitidzaza chonse ndi simenti. Timatsitsa paipi mpaka pamene pali mwala wotulutsa mpweya, n'kupopera phala la simenti kuti likhale pamenepo ngati chotsekera cha botolo. Ife timati pulagi. Tikatero timakweza paipi, timadikira iume, kenako timatsitsanso paipi kukagogoda pamwamba pake. Ikalimba timaiyesa ndi mphamvu ya madzi. Timaika ina pakati, poteteza madzi akumwa, ina kumtunda kuno."

"Munagogoda?"

"Ndinagogoda ndekha. Inalimba. Madzi sanadutse." Anaponya kamtengo kaja. "Koma simenti yofooka imatha kupirira tsiku loyesa. Mpweya suthamanga. Umafufuza timing'alu chaka ndi chaka mpaka upeze njira. Ine ndinayang'ana mapampu ndi mageji oyezera mphamvu. Matumba sindinawayang'ane. Gray ndinagwira naye ntchito miyezi yambiri, sanandinamizepo ngakhale pa kanthu kakang'ono."

"Simenti yanuyo imasiyana bwanji ndi yomangira nyumba?"

"Pansi pamenepo n'potentha kwambiri. Simenti wamba ikhoza kuuma isanafike, kapena kuuma moipa. Ndiye yathu imabwera atasakanizamo kale mankhwala oichedwetsa kuuma."

"Nanga munthu ataithira pabwalo, kunja kuno?"

"Akhoza kudikira mpaka kutopa. Popanda kutentha kuja imakhala phala masiku ambiri. Koma ikadzauma imalimba koopsa, ndipo imaoneka yakuda."

Khumbize anakumbukira mapazi a nkhuku aja pabwalo la kuchigayo. Yvonne anapitiriza, maso ali m'dzenje. "Gray ankafuna kuthira simenti pamutu pa paipi, pamene pakutulukira. Ndi ndowa imodzi. Iye ankadziwa kuti sizingathandize, vuto lili pansi penipeni. Pamafunika kubweretsanso makina, kuboola mapulagi onse, kuyambiranso. Tikachedwa, mpweyawu ulowa m'zitsime za anthu kumunsiku."

Anauza anyamata ake kuti aimike chivundikiro chija, aone ngati chingatsekenso bwino. Anachidzutsa atatu, n'kuchitsamiritsa pamthethe. Mmodzi anabwerera m'mbuyo, n'kuitana Khumbize ndi dzanja.

Kunsi kwa chitsulocho, mbali imene inkayang'ana m'dzenje, kunali zikhatho za simenti youma. Ziwiri zinali zooneka bwino, zala zonse zisanu. Zina zinali zokhwekhwereka, zotsetsereka chammbali.

"Mpweya umenewu umagwetsa munthu mwadzidzidzi," anatero Yvonne motsitsa mawu. "Koma pakakhala potsegula, mphepo ikamalowa, ena amatsitsimuka."

*

Khumbize sanafune kukamutenga Chakufwa pamaso pa anamfedwa. Anatuma wapolisi mnzake kuti akamunong'oneze kuti akufunika kuchigayo. Chakufwa anabwera wapansi, atavala jekete lakuda lothina m'mapewa. Esnart atawaona anatsamiritsa tsache pakhoma n'kuchoka.

Anakhala pabenchi m'mphepete mwa bwalo lija.

"Bambo Msowoya, lamba watsopano ali kuti?"

"Sindinamupeze. Masitolo onse analibe."

"Dzulo munati munapita kukagula. Sitolo iti imene munafunsa?"

Chakufwa anabisa manja pakati pa maondo.

"Tandionetsani manja."

Anawatambasula pang'onopang'ono. Khungu la m'zikhatho linali losupuka, m'mphepete mwa zikhadabo muli zotuwa.

"Feteleza satero," anatero Khumbize. "Bambo anga anali mmisiri womanga ku Dedza. Manja awo ankaoneka chonchi akakandira simenti opanda magolovesi. A injiniya abwera, ndipo akaona bwalo ili sadzafunsa kawiri kumene simenti yake inachokera."

Chakufwa anayang'ana bwalolo nthawi yaitali. Atayamba kuyankhula, Chichewa chake chinkaterereka n'kugwera m'Chitumbuka, n'kubwereranso.

"Ndinamupempha ndine. Mpunga unkaolera padothi chaka ndi chaka. Ndinati, iwe ukusambira m'simenti, mkulu wako akuyanika pamphasa? Anakana. Ndinamukumbutsa amene anamulera. Mawu amenewo ndi amene anamuthyola." Anapukusa mutu. "Lachisanu anabwera kuno, akuti wapita kupolisi koma sanamumvere. Ndinamugwira mwendo. Ndinati tiyeni tiyambe tayesa tokha, tikatseke, ukapitenso zikakanika. Anavomera chifukwa cha ine."

Khumbize anaona m'maganizo chipewa chija chili m'manja mwa Gray, koma sanasinthe mawu. "Pitirizani."

"Tinapita Loweruka masana, anthu ali ku mpira. Tinakandira pangolo. Iye anatsika, ine ndinamutsitsira ndowa. Anayamba kumata ndi manja. Kenako anati, 'Akulu, mutu.' Anagwira makwerero, anakwera pang'ono, n'kugwa, chipumi n'kumenya paipi. Ndinaitana. Ndinaitananso. Ndinaweramira m'katimo, maso anachita mdima, miyendo inafooka. Ndinakwawa n'kukagona paudzu. Nditadzuka ndinasuzumira, anali chigonere, magazi kumaso. Sankagwedezeka."

"Simunaitane anthu."

"Ndikanati tinkatani kumeneko?"

"Ndiye munatseka."

"Ana amadyetsa mbuzi kumeneko, Madamu. Ndinati wina angagweremo." Anayang'ana zikhatho zake. "Komanso ndinkaopa. Ndinati mwina papita masiku asanamupeze, ndiganize chochita. Anali atapita kale. Chimene ndinatsekera ndi mtembo."

Khumbize anali ndi foni m'thumba, chithunzi cha chitsulo chija chili momwemo. Anaganiza zoti akamuonetse ali kale m'chitolokosi, kapena akazimvere kukhoti kwa loya. Koma nkhaniyo inali itafika kale m'makutu a anyamata a Yvonne, ndipo pofika madzulo ikanakhala ili pamaliro. Anatulutsa foniyo n'kumupatsa.

Chakufwa anaiyandikitsa kumaso, anaitalikitsa. "N'chiyani ichi?"

"Kunsi kwa chivundikiro."

Anayang'anabe. Kenako chala chake chinayamba kutsata zala za pachithunzipo, chimodzichimodzi.

"Anadzuka," anatero Khumbize. "Anakwera mpaka pamwamba."

Chakufwa anaika foniyo pabenchi mosamala, ngati dzira. Sanalire. Anakhala manja ali pamaondo, kukamwa kuli pululu, akupuma ngati munthu wokwera phiri. Patapita nthawi anafunsa, "Ndikanakhala pompo pang'ono?"

"Sindikudziwa, bambo. A injiniya akuti mwina."

Wapolisi mnzake wa Khumbize anabwera ndi unyolo. Khumbize anayang'ana zilonda za m'manja zija n'kupukusa mutu. Chakufwa anayenda yekha kukakwera galimoto, n'kukhala kumbuyo.

Msewu wopita ku Uliwa unkadutsa pakhomo pa Gray. Anthu anali atadzaza pabwalo, amayi akuimba m'nyumba, amuna ali pamabenchi pansi pa mango. Anyamata okumba manda anali atangobwerako, makasu ali pamapewa, akudikira mkulu wa banja kuti akaone ngati dzenje lakwana. Violet anali pakhonde, mwana wake Sheila atamugonera pamwendo.

"Imani pang'ono," anatero Chakufwa. "Pamwambo wa maliro woyankhula ndine. Ndiwauze asankhe wina."

Khumbize anauza dalaivala kuti aime. Anatsika yekha n'kumutsegulira chitseko. Anthu a pamabenchi anatembenuka. Violet anadzutsa mutu, anayang'ana galimoto ya polisi, anayang'ana mlamu wake atakhala kumbuyo, ndipo dzanja lake linasiya kusisita mutu wa mwana.

Chakufwa anatsitsa phazi limodzi pansi. Linakhala pomwepo, pafumbi, nyimbo ya m'nyumba ikupitirira. Kenako analibweza m'galimoto.

"Tiyeni, Madamu," anatero. "Akawauza ena."